Chikole pa Chuma cha Masiye: Chikasowa, Adzabweza Ndani?

Maliro akagwa pamudzi timalira tonse. Amayi amagona m'siwa, abambo amachezera pamoto, akwaya amaimba mpaka mbandakucha, adzukulu amalawirira kumanda. Koma pakapita masiku ochepa anthu amabalalika. Pakhomo pamatsala mayi wamasiye ndi ana ake, pamodzi ndi funso limene palibe adalitchula pa mwambo wa maliro: katundu amene malemu asiya ayang'anira ndani?

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wamwalira. Wasiya mkazi, ana anayi, nyumba ya malata, chigayo, ndalama kubanki ndiponso zina zimene akuntchito adzapereke. Abale akumana nagwirizana kuti mng'ono wa malemu ndiye ayendetse zonse, popeza ndi wophunzira ndipo amadziwa makomo a maofesi. Chaka choyamba fizi ya ana ikulipiridwa bwinobwino. Chaka chachiwiri chigayo chagulitsidwa, ati chimangowonongeka. Chaka chachitatu mwana woyamba wabwezedwa kusukulu, ndipo mayi pofunsa ayankhidwa kuti ndalama zidatha. Mwina mng'onoyo adadya. Mwina adaziika mu bizinesi imene idagwa. Kwa anawo palibe kusiyana, pakuti pepani sapoletsa chilonda. Ngakhale khoti litampeza wolakwa, m'thumba mwake mulibe kanthu. Nanga adzabweza ndani?

Anthu odziwa malamulo adaliganizira funso limeneli kalekale, ndipo yankho limodzi limene adapeza ndi ili: munthu asanakhudze chuma cha masiye, ayambe wapereka chikole. Tiyeni tione tanthauzo lake, kumene chidachokera, ndi chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife aseminale, ansembe ndi makolo.

Anthu awiri, ntchito imodzi

Munthu akalemba wilo amatchulamo amene adzakwaniritse zofuna zake iye atapita. Ameneyu pa Chizungu amamutcha executor. Khoti silimusankha ayi. Limangotsimikiza kuti wiloyo ndi yeniyeni, kenaka limamupatsa chikalata chomuloleza kuyamba ntchito. Koma munthu akamwalira osasiya wilo, kapena amene adatchulidwa mu wilo wakana kapena adamwalira kale, khoti limasankha lokha munthu wina. Ameneyu ndiye amamutcha administrator, ndipo kawirikawiri amakhala mkazi kapena mwamuna wa malemu, mwana wamkulu, kapena mbale wapafupi.

Ntchito ya awiriwa ndi imodzi. Ayenera kusonkhanitsa katundu yense wa malemu, kulemba mndandanda wake, kulipira zowonongedwa pa maliro, ngongole ndi misonkho, kugawa zotsala kwa oyenera kulandira, ndipo potsiriza kufotokoza m'mene tambala iliyonse yayendera. Tiyenera kumvetsa bwino apa: udindo umenewu sumusandutsa munthu mwini chuma. Iye ndi wosungitsidwa chabe. Tonse awiri tiwatcha oyendetsa chuma cha masiye.

Komabe pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Woyamba uja adasankhidwa ndi malemu, amene adadya naye, kuyenda naye ndi kumuyesa kwa zaka zambiri. Wachiwiriyu wasankhidwa ndi woweruza amene mwina akumuona koyamba. N'chifukwa chake m'maiko ambiri lamulo la chikole limalimba kwambiri pa wachiwiriyu kuposa pa woyamba.

Chikole chimenechi n'chotani?

Mawu oti chikole si achilendo kwa ife. Mnyamata akafunsira mbeta amasiya chikole kusonyeza kuti sakuseka. Munthu akakongola ndalama amatha kusiya njinga kapena wailesi ngati chikole. Koma chikole chimene tikunena pano si katundu wosiya m'manja mwa wina. Ndi pepala la pangano losainidwa ndi kusungidwa kukhoti, ndipo limakhudza mbali zitatu.

Mbali yoyamba ndi woyendetsa chuma, amene amalonjeza kuti adzagwira ntchito yake motsata lamulo. Mbali yachiwiri ndi khoti, limene limalandira lonjezolo m'malo mwa mayi wamasiye, ana ndi onse amene malemu adali nawo ngongole. Mbali yachitatu ndi munthu wina, kapena anthu awiri, kapena kampani ya inshuwalansi, amene amasaina kuti: "Uyu akalephera, ndidzalipira ndine." Ameneyu timutche nkhoswe.

Nkhoswe ya ukwati timaidziwa. Banja likagwedezeka imabwera kudzaluzanitsa, kudzudzula ndi kulangiza. Nkhoswe ya chuma cha masiye imaposa pamenepo, pakuti iyo siyankha ndi mawu okha koma ndi thumba lake. Ikufanana kwambiri ndi abale amene amasainira munthu wotuluka pa belo, podziwa kuti akathawa adzalipira ndi iwo. Amene amawerenga Buku la Genesis akumbukiranso za Yuda, amene pa nthawi ya njala adadzipereka kwa atate ake kuti adzayankha ndi iye ngati Benjamini sabwerera, ndipo tsiku loyankha litafika sadathawe.

Chidayambira kumakhoti a Mpingo

Malamulo athu ambiri a kukhoti adachokera ku England, ndipo mbiri ya chikole ichi iyenera kutifikira pamtima, pakuti idayambira m'manja mwa Aepiskopi. Kale ku England nkhani za mawilo ndi za katundu wonyamulika wa omwalira zidali kuweruzidwa m'makhoti a Mpingo. Munthu akafa wopanda wilo, katundu wake adali kugwera m'manja mwa Episkopi wa dera lake kuti amugwiritse ntchito pa zachifundo pothandiza mzimu wa malemuyo. Cholinga chidali chabwino, koma madandaulo adachuluka akuti ngongole za malemu sizilipiridwa. Motero mu 1285, pa nthawi ya Mfumu Edward I, padatuluka lamulo lokakamiza Episkopi kulipira ngongolezo kuchokera pa katunduyo. Mu 1357, pa nthawi ya Edward III, lamulo lina lidanena kuti Episkopi asamayendetsenso yekha chumacho, koma azisankha abale apafupi ndi okhulupirika a malemu kuti ayendetse. Apa ndipo padabadwira udindo wa administrator.

Koma vuto lidangosamuka. Mbale amene wapatsidwa udindo adali kulipira ngongole, kenaka zotsala zonse n'kudzisungira, abale ena n'kungoyang'ana. Makhoti a Mpingo poyesa kumukakamiza kuti agawe, makhoti a mfumu adali kuwaletsa. Mkanganowu udatha mu 1670 ndi lamulo lotchedwa Statute of Distribution. Nthawi imeneyi n'kuti Mpingo wa ku England utapatukana kale ndi Roma, koma makhoti ake adali akugwirabe ntchito yomweyi.

Lamulo la 1670 lidachita zinthu ziwiri. Lidanena za kagawidwe: mayi wamasiye alandire gawo limodzi mwa magawo atatu, zotsala apatsidwe ana, ngati palibe ana, mayiyo alandire theka. Lidanenanso kuti aliyense wolandira udindo asaine chikole pamodzi ndi ankhoswe awiri kapena kuposerapo. M'chikolemo adali kulonjeza kulemba mndandanda woona wa katundu ndi kukaupereka kukhoti, kuyendetsa chuma motsata lamulo, kupereka chiwerengero choona cha zolowa ndi zotuluka, kugawa zotsala monga woweruza alamulire, ndiponso kubweza chikalata cha udindo wake ngati wilo itapezeka pambuyo pake. Malonjezo amenewa ndiwo mtima wa chikole mpaka lero.

Lamulo la 1857 lidachotsa ntchitoyi m'manja mwa Mpingo n'kuipereka kukhoti la boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1858. Chikole sichidachotsedwe, ndipo mtengo wake udaikidwa kukhala kawiri mtengo wa chuma cha malemu. Kuno kwathu malamulo a ku England adalandiridwa m'makhoti a atsamunda mu 1902, ndipo njira zambiri zoyendetsera chuma cha masiye zidabwera nawo limodzi.

Chimagwira ntchito bwanji?

Tibwerere kwa mphunzitsi wathu uja, ndipo tiyerekeze kuti chuma chake chonse chidakwana K20,000,000. Khoti lidauza mng'ono wake kuti apeze ankhoswe awiri, ndipo amalume ake ndi mnzake wina wa bizinesi adasaina. Patapita zaka zitatu mayi wamasiye wakadandaula. Khoti laitana woyendetsa kuti aonetse mabuku ndi malisiti, ndipo lapeza kuti K8,000,000 sizikuoneka. Iye alibe chobwezera. Apa khoti limatembenukira kwa ankhoswe, ndipo iwo ayenera kulipira ndalama zimenezi kuti zibwerere kwa ana. Akalipira, ali ndi ufulu womulonda woyendetsayo mpaka awabwezere. Mlandu suola.

Pamenepa pali mfundo zitatu zimene anthu ambiri amasokoneza. Yoyamba: chikole sichiteteza woyendetsa chuma. Munthu akagula inshuwalansi ya galimoto amadziteteza yekha, koma akasaina chikole amateteza anthu ena kwa iye mwini. Ngakhale nkhoswe ikhale kampani ya inshuwalansi, ikalipira imabwera kudzamulipiritsa. Yachiwiri: nkhoswe siilipira kupitirira ndalama zimene zidalembedwa pa chikole. Yachitatu: nkhoswe siiyankha pa tsoka lililonse. Ng'ombe zikafa ndi matenda, woyendetsa atachita zonse zimene munthu wosamala akadachita, palibe mlandu. Koma akazigulitsa mobisa, akasakaniza ndalama za masiye ndi zake, akadzikongoza yekha, akagawira anthu osayenera, kapena akangolekerera katundu kuwonongeka, pamenepo chikole chimagwira ntchito. Zindikirani kuti si akuba okha amene amagwa m'mbuna imeneyi. Ambiri amagwa chifukwa cha kusasamala ndi kusasunga malisiti.

Kumene makampani a inshuwalansi amagwira ntchito ya unkhoswe, amayamba afufuza mbiri ya munthuyo pa nkhani ya ndalama. Akaona kuti ali ndi ngongole zambiri kapena adapalamulapo za chinyengo, amakana. Kukanako kumathandizanso, chifukwa mbuzi zimapulumuka zisanasungitsidwe kwa fisi. Kampani ikavomera imalandira malipiro, amene kawirikawiri amachokera pa chuma cha malemu. Ntchito ikatha, khoti likavomereza chiwerengero chonse, woyendetsa ndi nkhoswe yake amamasulidwa.

Masiku ano m'maiko osiyanasiyana

Ku England komwe chidayambira, chikole cha mtundu wakale chidathetsedwa ndi lamulo la 1971. Khoti lidangotsala ndi mphamvu yofuna ankhoswe likaona kuti n'kofunika. Ku Scotland chidakalipo: munthu wosankhidwa ndi khoti amayenera kupeza chikole chotchedwa bond of caution, ngakhale kuti kuyambira mu 2016 chuma chochepa, chosapitirira £36,000, chimatha kukhululukidwa. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, koma m'zigawo zambiri khoti limafuna chikole pokhapokha ngati wilo yanena kuti chisafunidwe, kapena olandira chuma onse agwirizana kutero.

Ku South Africa nkhaniyi ili m'lamulo la 1965 lotchedwa Administration of Estates Act, ndipo amene amaiyang'anira ndi mkulu wotchedwa Master of the High Court. Kumeneko woyendetsa chuma amayenera kupereka chikole, koma kholo, mwana, mkazi kapena mwamuna wa malemu kawirikawiri amakhululukidwa, chimodzimodzi munthu amene wilo yamukhululukira. Komabe mkuluyo ali ndi mphamvu yofuna chikole ngakhale kwa wokhululukidwa, makamaka ngati amakhala kunja kwa dzikolo. Izi n'zofunika kuzidziwa kwa mabanja amene ali ndi abale ogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town, pakuti katundu wosiyidwa kumeneko amayendera malamulo a kumeneko.

Kuno ku Malawi chuma cha masiye chidali kuyendera lamulo la 1967 lotchedwa Wills and Inheritance Act. Chifukwa cha kulira kwa amayi amasiye olandidwa katundu, lamuloli lidakonzedwa mu 1998 kuti kulanda chuma cha masiye kukhale mlandu. Mu 2011 lidalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake ndi amene adali kudalira iye, ndipo wolanda katundu angathe kumangidwa zaka 10 ndi kulamulidwa kubweza zonse. Munthu wopempha chikalata choyendetsera chuma kukhoti amalumbira kuti adzagwira ntchito mokhulupirika, ndipo khoti lingathe kumufunsa chikole. Palinso ofesi ya boma ya Administrator General ndi maofesi a ma DC, amene amathandiza kuyendetsa chuma cha anthu ambiri omwalira opanda wilo.

Kodi si chipongwe kwa mbale?

Wina angafunse kuti: "Malemu adali mkulu wanga, bere limodzi. Bwanji mukundifunsa chikole ngati ndine mbala?" Funsoli ndi lomveka. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma akuluakulu omwewo adatinso mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Woweruza sangathe kuona za mumtima, ndipo mwana wa zaka 5 sangathe kuwerenga buku la kubanki. Lamulo silinena kuti mbale uyu ndi wakuba. Likungonena kuti ana awa alibe mphamvu yodziteteza, ndipo zinthu zikalakwika sayenera kukhala iwo olipira.

Ndipotu chikole chimathandiza ngakhale woyendetsa wokhulupirika. Chimamukakamiza kulemba mndandanda pa tsiku loyamba, zinthu zisanayambe kutuluka usiku. Chimamupatsa chonena abale akabwera kudzapempha ngongole pa ndalama za masiye: "Sindingathe, ndidasaina kukhoti, ndipo amalume adzalipira chifukwa cha ine." Pomaliza chimamuyeretsa pamaso pa anthu, pakuti miseche imatha pamene mabuku aonetsedwa.

Tisabise kuti chikole chili ndi zovuta zake. Chimadya ndalama ndi nthawi. Mayi wosauka wa kumudzi angavutike kupeza anthu a chuma omusainira, ndipo pamene akufunafuna, ana akugona ndi njala. N'chifukwa chake maiko ambiri amakhululukira chuma chochepa ndiponso mkazi kapena mwamuna wa malemu. Chinanso, chikole ndi pepala chabe ngati palibe wokadandaula. Sichilankhula chokha. Olandira chuma ayenera kudziwa kuti ali ndi ufulu wofunsa chiwerengero, ndipo akakanizidwa angathe kupita kukhoti, kwa a DC kapena kwa maloya a boma othandiza anthu osauka.

Musanasaine

Tsiku lina mbale kapena mnzanu adzafika ndi pepala, nati: "Ingosainani apa, ndi mwambo chabe wa kukhoti." Si mwambo chabe ayi. Walira mvula walira matope. Musanagwire cholembera funsani: chuma chonse n'chochuluka bwanji? Chikole chalembedwa ndalama zingati? Zitavuta, ndingalipire popanda kugulitsa nyumba ya ana anga? Kodi munthuyu adzandilola kuona mabuku nthawi ndi nthawi? Ngati akukwiya ndi mafunso amenewa, yankho mwalipeza kale. Kusainira munthu wokhulupirika kuti ana amasiye athandizidwe msanga ndi ntchito yachifundo ndithu, koma ichitike maso ali poyera.

Kwa ansembe, ndi kwa ife amene tikuyembekeza kudzafika pa guwa, Mpingo udaikapo malire. Akhristu amakhulupirira wansembe, motero si zachilendo kuti wodwala amupemphe kudzayendetsa chuma chake, kapena banja limupemphe kukhala nkhoswe. Koma Malamulo a Mpingo amene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adakhazikitsa mu 1983, pa lamulo 285 ndime 4, amaletsa wansembe kuyendetsa chuma cha akhristu eni ake popanda chilolezo cha Episkopi kapena mkulu wake. Amamuletsanso kusaina ngati nkhoswe, ngakhale pa katundu wakewake, asanafunse mkulu wakeyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wansembe amene wagwira thumba la banja logawanika sangathenso kukhala bambo wa mbali zonse ziwiri, ndipo akakokeredwa kukhoti, parishi yonse imakokedwa naye. Mpingo womwewo, pa lamulo 1283, umafuna kuti woyang'anira chuma chake ayambe walumbira ndi kulemba mndandanda wa katundu asanayambe ntchito. Zimene umafuna kwa ana ake pa chuma cha paguwa, n'zomwezo zimene khoti limafuna pa chuma cha masiye.

Wansembe angathandize m'njira zina zambiri: kulimbikitsa akhristu kulemba wilo, kuuza mayi wamasiye khomo loyenera kugogoda, ndi kudzudzula poyera mchitidwe wolanda katundu.

Mawu kwa makolo

Inu makolo, mphamvu yaikulu ili m'manja mwanu mukadali moyo. Kulemba wilo si kudziitanira imfa. Lembani, sainani pamaso pa mboni ziwiri, ndipo isungidwe pamalo odziwika. Posankha woyendetsa musayang'ane ukulu wa kubadwa kapena kuchuluka kwa sukulu, koma m'mene munthuyo amasamalira ndalama za eni ake. Mufunseni ngati akuvomera. Ngati ana ali aang'ono ndipo chuma chidzakhala m'manja mwake zaka zambiri, ndi nzeru kusankha anthu awiri, ndipo musafulumire kulemba kuti asadzafunsidwe chikole.

Ena mwa ife aseminale tili pano chifukwa amalume kapena azakhali adasunga mokhulupirika zimene bambo adasiya, ndipo fizi imafika nthawi yake. Ena tikudziwa anzathu a nzeru amene adatsalira kupulayimale chifukwa chigayo chidagulitsidwa. Chikole sichingasandutse munthu wosakhulupirika kukhala wokhulupirika. Chimene chimachita n'chakuti mayi wamasiye akafunsa kuti adzabweza ndani, pakhale dzina lolembedwa ndi munthu woti ayankhe.